ZA MAZIKO NDI MOTO WA CHIPINDA CHOONJEZERA

Mvula ikatha, chimanga chikalowa m'nkhokwe, mabanja ambiri amayang'ana nyumba yao ndi kuona kuti yachepa. Ana akula, anyamata ndi atsikana sangagonenso chipinda chimodzi. Kapena agogo afooka, ayenera kudzakhala pafupi ndi ana ao. Ndalama zomangira nyumba ina palibe. Tsono mwini nyumba aumba njerwa, naitana mmisiri wa m'mudzi momwemo, nayamba kuonjezera chipinda chimodzi kapena ziwiri pa nyumba yakale. Ntchito imeneyi njabwino, koma ambiri amaiyambira pakati. Za maziko amaganiza mothamanga, ndipo za moto wootha amakumbukira malata atakhoma kale, chisanu cha Juni chitalowa m'nyumba. Pamenepo nthawi yapita. Malo a moto ayenera kusankhidwa khasu lisanagwe pansi, pakuti m'nyumba yaing'ono mulibe chinthu cholemera pa malo amodzi koposa chumuni, ndipo cholemera chili chonse chifuna maziko ake.

Nyumba yakale ndi chipinda chatsopano

Nyumba ili yonse ikamangidwa imatitimira pang'ono m'zaka zake zoyamba, chifukwa nthaka ya pansi pake imatsindirika ndi kulemera kwa makoma. Nyumba yakale idatsiriza kale ulendo umenewu, koma chipinda chatsopano chikungouyamba. Ndicho chifukwa chake mng'alu umene umaoneka kawirikawiri pa nyumba zoonjezera umakhala pomwepo pokumana chakale ndi chatsopano, wotsika kuchokera ku denga kufikira pansi. Eni ake amaumata ndi simenti, chaka chamawa nkutsegukanso, pakuti nthenda yake siili m'khoma ai, ili pansi.

Motero ntchito yoyamba ndiyo kukumba kadzenje kamodzi m'mbali mwa khoma lakale, kuti aone kuzama kwa maziko akale ndi mtundu wa nthaka. Katondo wofiira, monga wa m'chigwa cha Lilongwe, amanyamula nyumba bwino ngati madzi saima pamenepo. Mchenga wotsindirika umanyamulanso, koma umakokoloka msanga ndi madzi otsika pa denga. Nthaka yoopsa ndi makande, dothi lakuda lija la m'madambo, la ku chigwa cha Shire, la ku Phalombe ndi la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Makande amatupa akamwa madzi, nafota pa chilimwe mpaka kung'aluka ming'alu yolowa dzanja; nyumba yokhala pamwamba pake imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka. Pa makande maziko ayenera kutsika mita imodzi kapena kupitirira, kufikira pamene chinyontho cha nthaka sichisinthasintha, ndipo m'konkire muyenera kulowa zitsulo. Apa munthu wanzeru sadzidalira yekha, amafuna mmisiri wophunzira.

Palinso msampha wina umene sauona ndi maso. Chipinda choonjezera kawirikawiri chimapita kuseri kwa nyumba, ndipo kuseri kwa nyumba nkumene kudali dzenje la zinyalala, chimbudzi chakale, kapena nkhuti imene adakumbamo dothi la njerwa za nyumba yoyamba. Maenje otere adakwiriridwa kalekale, pamwamba pamera kapinga, koma pansi mpofewa ngati phala. Safunsa adadya phula: amene adagula malo kwa ena afunse anansi okalamba kuti pamenepo padali chiyani. Pamene padali chulu mpofunikanso kuchenjera, chifukwa chiswe chimasiya mapanga pansi. Mtengo waukulu, monga bulugama kapena mango, usayandikane ndi maziko, makamaka pa makande, pakuti mizu yake imamwa madzi a mbali imodzi ndi kufotetsa nthaka ya mbali yomweyo.

Pa nthaka yabwino miyeso yake njosavuta. Dothi lakuda la pamwamba, lokhala ndi mizu ndi zoolerana, lichotsedwe lonse. Ngalande ya maziko itsike masentimita 60 kapena kuposa, mpaka khasu ligunde polimba, ndipo m'mimba mwake ikhale ngati katatu kunenepa kwa khoma: khoma la masentimita 23 lifuna ngalande ya masentimita 60 kufikira 70. Pansi pa ngalande pakhale see, poyesedwa ndi levulo. Konkire ya maziko asakanize muyeso 1 wa simenti, 3 ya mchenga wa kumtsinje ndi 6 ya miyala ya kwale, poyesa ndi ndowa imodzi yomweyo, osati ndi fosholo, chifukwa fosholo ya munthu wotopa imanama. Kunenepa kwake kusachepere masentimita 15, ndipo azithirapo madzi masiku 7, pakuti simenti imalimba ndi madzi, siilimba ndi dzuwa. Ngodya aziyese ndi chingwe: mbali ina mamita 3, ina mamita 4, ndipo chopingasa chikakwana mamita 5, ngodyayo yaongoka. Njerwa zikatuluka m'nthaka ndi masentimita 15 kapena kuposa, ayalepo pepala lakuda la pulasitiki lotchinga chinyontho, pa msinkhu womwewo wa la nyumba yakale. Chipinda chosowa pepalali chimanyowa m'munsi mwa makoma, ndipo khoma lonyowa silifunda ngakhale moto uyake usiku wonse.

Pofika ku khoma lakale mpofunika dzanja lofatsa. Ngalande yatsopano ifike pa kuzama kwa maziko akale. Kukumba mozama koposa pamenepo m'litali lonse la khoma ndiko kuchotsa nthaka imene yanyamula nyumba, ndipo anthu akugona m'nyumbamo. Ngati nkofunika kutsikirapo, akumbe kachigawo kakafupi, athire konkire, ikalimba apite pa kena. Ntchito yotere saigwira nthawi ya dzinja. Amisiri ambiri amakonda kugumula njerwa za khoma lakale ngati mano, ndi kulowetsamo zatsopano. Pooneka mpokoma, koma chipinda chatsopano chikayamba kutitimira chimathyola manowo. Nkwabwino koposa kusiya mzere woongoka pakati pa makoma awiriwo, kuwamangiriza ndi waya kapena tizitsulo topyapyala mizere ingapo ili yonse, ndi kutseka mpatawo ndi chinthu chofewa choletsa madzi ndi mphepo.

Dziko lino lili m'chigawo cha zivomezi. Cha ku Salima m'Marichi 1989 ndi za ku Karonga m'Disembala 2009 zidagwetsa nyumba zambiri za njerwa, ndipo makoma ochuluka adalekana pa ngodya. Mankhwala ake ndi lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira chipinda chonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, amene amisiri amamutcha ring beam. Pa malo otsetsereka maziko amatsika ngati makwerero, chigawo chili chonse chili see, ndipo kumtunda kwa nyumba kumafuna ngalande yopatutsa madzi. Komabe alipo malo ena amene maziko sangapulumutse munthu: matope ndi miyala zimene zidatsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy m'Marichi 2023 zidakokolola nyumba zolimba ndi zofooka zomwe. Okhala m'mizinda, monga Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, akumbukirenso kuti lamulo lifuna kuti khonsolo ivomereze pulani ntchito isanayambe, ngakhale ya chipinda choonjezera.

Kufunditsa chipinda

Anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa angathe kudumpha chigawo chino. Vuto lao ndi kutentha. Koma ku Dedza, kumene tauni ili pa msinkhu wa mamita ngati 1,600, ku Ntchisi, ku Mzuzu, ku Thyolo ndi ku Mulanje, usiku wa Juni ndi Julayi umazizira zedi, nthawi zina kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo kumwera chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo. Ovutika koposa ndi makanda ndi okalamba, omwe aja chipindacho chikumangidwira.

Moto woyamba ndi dzuwa, ndipo ngwaulere. Dziko lino lili kumwera kwa equator, kotero m'miyezi yozizira dzuwa limayenda mopendekera kumpoto. Zenera lalikulu loyang'ana kumpoto limalowetsa dzuwa masana onse a Juni, makoma ndi simenti ya pansi zimamwa kutenthako ndi kukubweza usiku. M'miyezi yotentha dzuwa limakwera pamutu, ndipo denga lotulukira kunja pang'ono limatchinga. Mphepo yozizira imachokera kumwera chakuvuma, tsono mbali imeneyo mazenera akhale aang'ono ndi otsekeka bwino. Chachiwiri ndi siling'i. Malata satha kusunga kutentha. Usiku amazizira msanga, mame nkumadontha pa ogona. Siling'i ya matabwa, ngakhale ya bango kapena mphasa zokhomedwa bwino, imasunga mpweya wofunda m'chipinda. Nyumba zambiri zikakhala ndi ziwiri zimenezi ndi bulangete labwino sizifunanso moto wina.

Hita ya magetsi njaukhondo, koma idya ndalama. Ya mawati 2,000 imatha mayunitsi 2 pa ora; ikayaka maora 4 usiku uli wonse, pa mwezi yatha mayunitsi 240. Ifuna waya wonenepa ndi soketi yakeyake, zoikidwa ndi wodziwa za magetsi makoma asanapakidwe pulasitala. Sola yaing'ono ya pa denga, youniikira ndi kutchajira foni, siingainyamule, ndipo magetsi akazima chisanu chimabwerera.

Tsono chimene mabanja ambiri amachita ndicho kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda, kutseka chitseko ndi mazenera, ndi kugona. Mwambo umenewu wapha anthu ambiri, nthawi zina banja lonse usiku umodzi. Makala oyaka pamalo posowa mpweya amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Umagwira magazi mwamphamvu koposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200, kotero kuti munthu amapuma koma thupi lake silikhuta. Ena amati makala akafiira ndi kuleka kufuka ndiye kuti choopsa chatha. Kumeneku nkulakwa kwakukulu, pakuti makala ofiira opanda utsi ndi omwewo amene amapha. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, mseru, kufooka kwa miyendo ndi tulo tolemera, ndipo wogona kale sadzuka kuti azimve. Wopezeka wotero atulutsidwe panja msanga, zitseko zitsegulidwe, napite naye ku chipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Chipinda chatsopano nchoopsa koposa chakale pa nkhani imeneyi: nyumba ya udzu idali kupuma yokha, koma chipinda cha pulasitala, magalasi ndi siling'i chimatsekeka ngati botolo.

Amene afuna moto weniweni wootha m'nyumba alibe njira ina koma chumuni, ndipo apa nkhani ibwerera ku maziko. Njerwa imodzi yootcha imalemera ngati makilogalamu 3. Chumuni cha njerwa 1,000 ndi matani 3 oima pa kamalo kochepa. Kuchimanga pamwamba pa simenti ya pansi pa chipinda ndiko kuswa simentiyo. Chifuna konkire yakeyake, yotsika pa kuzama kwa maziko a makoma, yotulukira masentimita 15 mbali zonse, yothiridwa tsiku limodzi ndi maziko ena. Malo abwino ndi khoma la m'kati logawa zipinda zatsopano, pakuti njerwa zake zikatentha zimafunditsa mbali zonse ziwiri, pamene chumuni cha pa khoma la kunja chimataya kutentha kwambiri pabwalo. Ngati chipinda nchimodzi chokha ndipo chumuni chiyenera kuyandikana ndi khoma lakale, chiime pachokha, osalumikizidwa m'khomalo, chifukwa chidzatitimira mwa icho chokha.

Kamangidwe kake kali ndi miyeso imene amisiri ambiri a m'midzi saidziwa, ndicho chifukwa chake m'nyumba zambiri muli chumuni chimene adachisonkha kamodzi, utsi nkudzaza nyumba, tsopano amasungiramo nsapato. Njira ya utsi ikhale ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa khomo la moto: khomo la masentimita 60 m'litali ndi m'lifupi likhuta ndi njira ya masentimita 20 mbali zonse. M'kati mwake mukhale mosalala, moongoka. Msonga yake ipitirire pamwamba pa denga ndi masentimita 60, kuti mphepo yogunda denga isabweze utsi. Koma isatalike mopitirira, pakuti pa chivomezi chumuni chachitali ndicho chimayamba kugwa. Mitengo ya denga ndi siling'i zisakhudze njerwa zake. Patsogolo pa moto pakhale simenti kapena mwala wotulukira masentimita 50, wolandira makala othetheka. Pa nyumba yofolera udzu chumuni chotere nchosayenera konse. Moto umafunanso mpweya wolowa, choncho tiziboo ta mpweya ta pamwamba pa mazenera tisamatsekedwe ndi nsanza nthawi ya chisanu.

Chumuni chikatha, achisiye milungu ingapo kuti chiume, pakuti moto waukulu pa njerwa zonyowa umang'amba matope ake. Tsiku loyesa asonkhe kamoto ka udzu wouma ndi masamba aawisi pang'ono, wina aime panja kuona ngati utsi ukutuluka bwino, wina akwere pamwamba pa siling'i kuyang'ana ngati ukudontha m'mipata ya njerwa. Pamene patuluka utsi amatepo asanagonemo munthu. Nkhuni zikhale zouma, chifukwa zaziwisi zimadzaza mwaye m'njira ya utsi, ndipo mwaye wochuluka umatha kuyaka wokha. Chaka chili chonse m'mwezi wa Meyi, chisanu chisanayambe, atsitsemo thumba la mchenga lomangidwa ku chingwe kuti lichotse mwaye ndi zisa za mbalame.