Kapemphedwe kaulemu m'Chitswana: malangizo kwa Amalawi a ku Rustenburg

Mmalawi akangofika ku Rustenburg, anzake amamuuza kuti Fanakalo ndi yokwanira. Malangizo amenewa asocheretsa anthu ambiri. Fanakalo ndi chilankhulo cha mumgodi, chimene akapitawo ankalamulira nacho agogo athu m'nthawi ya Wenela ndi Theba. Pansi pa mgodi wa Impala kapena wa Sibanye-Stillwater chingakuthandizeni. Koma ku Tlhabane, ku Boitekong ndi ku Phokeng kwa Abafokeng, eni dera amalankhula Chitswana, ndipo alandilodi, anamwino a ku kiliniki ndi amayi ogulitsa pamsewu sali pansi pa ulamuliro wanu. Ndaona anthu akhalidwe labwino akumanidwa chipinda, ganyu ngakhale madzi akumwa chifukwa cha kapemphedwe basi.

Choyamba: moni

Apa Mmalawi safuna kuphunzitsidwa zambiri. Pakhomo nenani "Ko ko", monga timachitira odi. Bambo mum'patse moni woti "Dumela rra", mayi "Dumela mma", anthu ambiri "Dumelang". Funsani "Le kae?" ndipo dikirani ayankhe kuti "Re teng". Osadumphira pa nkhani yanu moni usanathe.

Chachiwiri: "ke kopa", osati "ke batla"

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amapereka moni bwinobwino, kenako n'kunena kuti "Ke batla metsi", kapenanso moipirapo, "Mina funa lo manzi". Mawu oti "ke batla" ndi oti "ndikufuna". Si chipongwe paokha, koma mukawanena kwa munthu wamkulu amene simukumudziwa, mumamveka ngati mwadzatenga zanu zimene munasungitsa. Kwathu palibe amene angalowe pakhomo pa eni n'kunena kuti "ndikufuna madzi". Nanga bwanji tikuchita zimenezi kwa eni dziko?

Mawu oyenera ndi "ke kopa", ndiko kuti "ndikupempha". Aikeni kumayambiriro kwa pempho lililonse:

Ke kopa metsi: ndikupempha madzi.
Ke kopa thuso: ndikupempha thandizo.
Ke kopa tiro: ndikupempha ntchito.
Ke kopa go botsa: ndikupempha kuti ndifunseko.
Ke kopa o nthuse: chonde mundithandize.

Kumapeto kwake onjezani "rra" kapena "mma". "Ke kopa thuso, mma" ndi pempho lathunthu la munthu woleredwa.

Ndibwerezenso chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Ngakhale mukugula ndi ndalama zanu pa shopu, nenani "ke kopa". Ngakhale chinthucho ndi ufulu wanu, monga mankhwala ku kiliniki, nenani "ke kopa". Ena amati kupempha chinthu chimene ukulipira n'kudzichepetsa kopanda pake. Amene amalankhula choncho ndi omwe amachedwa pamzere n'kumadandaula kuti akusalidwa.

Chenjezo lina: pewani "wena". Amene anazolowera Fanakalo amaitana aliyense kuti "wena", mpaka gogo wa imvi. Mawuwa alipo m'Chitswana, koma kuitana nawo wamkulu kuli ngati kunena "iwe" kwa apongozi. Ngati munthuyo ndi wamsinkhu wanu kapena wokulirapo pang'ono, nenani "abuti" kwa mwamuna, "ausi" kwa mkazi. Ngati ndi wamkulu, "rra" kapena "mma". Mukakayika, sankhani ulemu waukulu.

Musanamizidwenso ndi amene amati ingowonjezerani "tsweetswee", amene ndi "chonde" wa Chitswana. Mawuwa ndi abwino, koma sakonza lamulo. Kunena "Mpha", kutanthauza "ndipatse", kenako n'kumatapo "tsweetswee" sikufanana ndi kuyamba ndi "ke kopa". Yambani bwino, "tsweetswee" abwere pamwamba ngati pempho lili lalikulu.

Chachitatu: mukasowa chonena

Akakuyankhani mothamanga, musagwedeze mutu ngati mwamva. Nenani "Intshwarele, ga ke tlhaloganye", kutanthauza kuti pepani, sindikumvetsa. Kenako "Ke kopa o bue ka bonya", kuti alankhule pang'onopang'ono. Kuchoka apo mukhoza kupitiriza m'Chingerezi popanda vuto, chifukwa munthuyo waona kale kuti mwayesetsa. Kumbukirani kuti "g" wa Chitswana amatulukira pakhosi ngati mukukhosomola pang'ono, osati ngati "g" wa mu "gule".

Chachinayi: kuthokoza

Landirani ndi manja awiri monga kwathu, nenani "Ke a leboga". Pochoka, wotsalayo mumuuze kuti "Sala sentle". Thokozani ngakhale akukanizani, chifukwa mawa mudzabweranso pakhomo pomwepo.

Dziwaninso kuti m'madera a migodi monga Marikana muli anthu ambiri ochokera ku Eastern Cape ndi ku Lesotho. Kwa Msutu "ke kopa" amagwira ntchito chimodzimodzi, ingomuitanani kuti "ntate" kapena "mme". Kwa Mxhosa nenani "Molo tata" kapena "Molo mama", pempho muyambe ndi "ndicela". Mverani kaye chilankhulo chimene munthu akulankhula musanatsegule pakamwa.

Zimenezi sizifuna sukulu yolipira. Kope ndi bolopeni mwina zingakudyereni marandi 20 kapena 30, osapitirira pamenepo kwambiri. Wailesi ya Motsweding FM imaulutsa m'Chitswana tsiku lonse ndipo kumvera n'kwaulere. Lembani ziganizo zisanu zija, muziziyeserera mokweza m'mawa uliwonse, ndipo mupemphe mnansi wanu wa Chitswana kuti azikukonzani. Pali anthu amene akhala ku Rustenburg zaka zambiri koma sadziwa ngakhale "ke a leboga". Umenewo ndi ulesi, ndipo umachititsa manyazi Amalawi tonse. Ulemu tili nawo kale kuchokera kwathu, chotsala n'kuuyankhula m'chilankhulo cha eni dera. Yambani lero ndi munthu woyamba amene mukumane naye pageti.