Maenje a Ofufuza Nthaka pa Mabusa a ku Chigwa cha Shire: Mafunso ndi Mayankho

Kabukuka talemba ife alangizi a za nthaka ndi ziweto chifukwa cha mafunso amene sakutha pa misonkhano ya m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Ofufuza akangokumba dzenje pabusa n'kunena kuti dothi la pamenepo ndi lakuya ndiponso losakanikirana bwino, eni ng'ombe ambiri amaona ngati malowo apita kale. Tayankha mafunsowa monga momwe amatifikira, ngakhale ena akufanana.

Kodi dothi lakuya losakanikirana ndi lotani?

Ndi dothi lomwe muli mchenga, dongo ndi timatope tosalala timene mitsinje imasiya ikasefukira, ndipo palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene chachuluka mopitirira. M'mabuku amalitcha loam. Limatchedwa lakuya ngati mizu ingatsike mita imodzi kapena kuposa osakumana ndi thanthwe kapena nthaka youma gwa.

Tingalizindikire bwanji popanda makina?

Nyowetsani dothi pang'ono, muliumbe m'manja, kenaka mulifinye pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. La mchenga limangoyoyoka. Makande a ku Ngabu amamata ndipo amatuluka kalamba kaatali. Losakanikirana limaumbika, koma kalamba kake kamaduka kasanafike masentimita atatu.

Mayina achilendo amene amalemba pa mapepala aja amatanthauza chiyani?

Ndi mayina a magulu a nthaka amene akatswiri a m'mayiko onse amamvana nawo. Bungwe la FAO linafalitsa ndondomeko yotchedwa World Reference Base, yomwe ili ndi magulu 32. Dothi lobwera ndi madzi osefukira, lokhala ndi mizeremizere ya mchenga ndi matope, limatchedwa Fluvisol. Likakhalitsa mpaka mizere ija kuzimiririka, nthawi zambiri limalowa m'gulu la Cambisol. Makande akuda ong'aluka m'chilimwe ndi Vertisol, pomwe dothi lokhala ndi sodiyamu wambiri pansi pake ndi Solonetz.

Kodi akalemba kuti dothi la pabusa lathu ndi labwino, ndiye kuti malowo atengedwa?

Ayi. Pepala la wofufuza nthaka limafotokoza zimene maso ake aona pa khoma la dzenje: mtundu wa dothi pa msinkhu uliwonse, pomwe mizu yalekezera, ngati muli timiyala toyera ta laimu, ndiponso ngati madzi amalowa msanga kapena amadikha. Pa pepalalo palibe polemba dzina la mwini malo, ndipo wofufuzayo alibe mphamvu yogawa, kugulitsa kapena kubwereketsa malo.

Nkhani ya umwini imayenda njira ina. Malo a makolo amayendetsedwa motsatira lamulo la Customary Land Act la 2016, kudzera mwa mafumu ndi makomiti a malo. Chilichonse chosintha kagwiritsidwe ntchito ka busa la mudzi chiyenera kudutsa kumeneko, anthu atafunsidwa.

Sitikufuna kukubisirani kanthu: zotsatira za kafukufuku wa nthaka zimasungidwa, ndipo amene akukonza chitukuko cha ulimi angathe kuziwerenga. Choncho sitingalonjeze kuti palibe amene adzachite chidwi ndi malo a dothi labwino m'tsogolo muno. Chimene tikunena n'chakuti dzina la dothi palokha silichotsa ng'ombe ya munthu pabusa. Ndiponso pepala lomwelo lingathandize inuyo, chifukwa ndi umboni wolembedwa wakuti malowo pali msipu umene ziweto za mudzi zimadalira.

Nanga n'chifukwa chiyani akukumba pamalo abwino okhaokha? Kodi si chifukwa cha ngalande ya ku Kapichira kapena nzimbe?

Funsoli timalimvetsa. Nzimbe za ku Nchalo zinayamba m'zaka za m'ma 1960 pa dothi la mtundu womwewu, ndipo pulogalamu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi ku Kapichira, cholinga chake ndi kuthirira mahekitala pafupifupi 43,000. Munthu amene waona zimenezi sangalephere kudabwa akaona dzenje pafupi ndi khola lake.

Komabe ofufuza sakumba pa dothi labwino lokha. Kuti mapu a nthaka atheke, amafunika dzenje pa mtundu uliwonse wa malo: m'makande, m'tchire la tsanya momwe pansi pamakhala pouma, pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, komanso pabusa la misangu ndi masawu. Maenje a m'tchire anthu sawaona kawirikawiri. Amene amaonekera ndi a pabusa, chifukwa ndi pomwe abusa amadutsa tsiku lililonse.

Pali chifukwa chinanso. Madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasiya mchenga m'malo ambiri a m'chigwachi. Pena dothi labwino linakwiririka, ndipo mapu akale sakugwirizananso ndi zimene zili pansi. Wofufuza amafuna kudziwa kuti mchengawo wakhuthala bwanji, chifukwa ukakhala wochepa mizu ya udzu imaboola n'kufika pa dothi lakale, koma ukachuluka pamangomera zitsamba zosathandiza ziweto.

Ngati kafukufukuyo ndi wa pulojekiti ya mthirira, ofufuzawo ayenera kunena zimenezo poyera kwa amfumu asanayambe. Afunseni amene wawatuma, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuona kalata yawo.

Ngati dothi lake ndi lachonde chotero, kodi sadzatiuza kuti tisiye kudyetsapo ng'ombe, tilimepo?

Dothi labwino silibweretsa mvula. M'chigwa muno mvula ya pachaka nthawi zambiri imakhala pakati pa mamilimita 600 ndi 800, imabwera modumphadumpha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Madzi amene dzuwa lingathe kuumitsa pachaka ndi oposa kawiri mvula imene imagwa. Mita imodzi ya dothi losakanikirana imasungira mizu madzi okwana mamilimita pafupifupi 150, pomwe la mchenga limasunga ngati theka lake. Koma limasunga pokhapokha madziwo agwa n'kulowa pansi. N'chifukwa chake kapinga ndi maudzu ena a mizu yosafa amapirira ng'amba pamalo pomwe chimanga chimafota, ndipo ngakhale mapira ndi mchewere zaka zina zimakanika.

Kuthirira nakonso kuli ndi zoopsa zake. Madera ena a m'chigwachi madzi a pansi ndi amchere, monga amene amatunga pa mijigo ina akudziwira. Munda wothiriridwa popanda ngalande zotulutsira madzi otsala ungathe kukweza mcherewo mpaka pamwamba, dothi n'kuyamba kuyera. Zimenezi sizichitika paliponse, ndipo sizingadziwike popanda kuyeza. Motero mawu akuti “lakuya, losakanikirana” sakwanira kugamula kuti malo alimidwe. Pali malo amene uphungu wabwino ndi wakuti akhalebe busa.

Dothi limene amatenga m'timatumba lija amapita nalo kuti? Ena akuti akufufuza miyala ya mtengo wapatali.

Limapita ku labotale, monga za ku malo a kafukufuku wa ulimi a Bvumbwe ndi Chitedze, kukayezedwa mchere, asidi, chonde, ndi kuchuluka kwa mchenga ndi dongo. Pa msinkhu uliwonse amatenga pafupifupi kilogalamu imodzi. Mukaona wofufuza akudontheza mankhwala pa khoma la dzenje, dothi n'kuchita thovu, akungoyesa ngati muli laimu. Kabuku ka timabokosi ta mitundu kamene amayandikiza ku chibuluma cha dothi ndi ka Munsell, kofanizira mtundu basi. Kufufuza miyala ndi ntchito ya anthu ena, ndipo imafuna chilolezo chakechake.

Kodi zotsatirazi zidzagwiritsidwa ntchito potikakamiza kuchepetsa ng'ombe?

Sitikudziwa za lamulo lililonse lotenga dzina la dothi n'kulisandutsa chiwerengero cha ng'ombe za munthu. Chimene tingachite ife ndi kulangiza, ndipo malangizo ena sakoma kumva. Ng'ombe ya makilogalamu 250 imafuna udzu wouma wolemera makilogalamu 6 kapena 7 tsiku lililonse. Ziweto zikachuluka pamalo amodzi, makamaka pafupi ndi pomwera madzi, udzu umatha mpaka pansi kuyera. Vuto la dothi losakanikirana limaonekera pomwepo: madontho a mvula akamenya pamtetete, timatope tosalala tija timatseka timabowo ta pamwamba, pakauma pamachita kachikhakha kolimba ngati phale. Mvula yotsatira siilowa, imathamanga m'njira za ng'ombe, ndipo poti dothilo ndi lakuya lopanda thanthwe loligwira, chigwembe chimakumbika msanga.

Tikapeza zoterezi timapempha mudzi kuti ugwirizane zopumitsa mbali ina ya busa nthawi ya dzinja kuti udzu ubereke njere, kusinthasintha njira zopita kumadzi, ndi kuleka kutentha tchire mochedwa. Wosankha ndi mudziwo ndi amfumu ake.

Ng'ombe kapena mwana akagwera m'dzenjemo, alipira ndani? Nanga ife tilipira kanthu?

Dzenje limafika mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, choncho ndi loopsa. Okumba ayenera kulitchinga ndi minga ngati ligone, ndi kulikwirira akangomaliza, dothi la pansi poyamba, la pamwamba pomaliza. Mukapeza losakwirira, dziwitsani amfumu ndi mlangizi tsiku lomwelo. Za chipukuta misozi sitingalonjeze m'malo mwa ena. Zimadalira amene watuma ntchitoyo ndi zimene munagwirizana isanayambe, ndipo ndi bwino mgwirizanowo ulembedwe.

Kafukufuku wobwera ndi boma kapena pulojekiti nthawi zambiri salipiritsa mudzi. Mukafuna nokha kuyezetsa dothi, pangakhale malipiro ku labotale, ndipo mitengo imasintha. Yambani mwafunsa ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu.

Tinawaona akuyika kamakina pamwamba pa dzenje n'kulemba manambala. Kodi amenewo si malire a malo amene alandidwe?

Kamakinako ndi GPS, ndipo manambalawo amangosonyeza pomwe dzenje lili, kuti wina akadzafuna kuyezanso pakapita zaka adzafike pamalo omwewo. Malire a malo sayezedwa ndi mfundo imodzi. Amafuna kuzungulira malo onse, eni ake ndi oyandikana nawo alipo. Nawonso mzere wa pa mapu a nthaka si malire a malo: umalekanitsa makande ndi dothi losakanikirana, ndipo ungadutse pakati pa munda wa munthu mmodzi kapena kuphatikiza midzi ingapo.

Kodi tingakane kuti asakumbe pabusa lathu?

Ofufuza ayenera kuyamba aonekera kwa amfumu ndi kufotokoza cholinga chawo. Ngati sanatero, muli ndi chifukwa chokwanira chowaimitsa mwaulemu kufikira zimenezo zitachitika. Mungathenso kuwauza malo osayenera kukumbidwa, monga manda ndi njira yaikulu ya ziweto, ndipo dzenje lingasunthidwe mamita angapo popanda kuwononga kafukufuku. Mukavomera, sankhani anthu awiri kapena atatu oweta ziweto kuti akhalepo pokumba, ndipo pemphani kuti zotsatira zikatuluka mlangizi adzaziwerenge pa msonkhano wa mudzi, kope limodzi n'kutsala kwa amfumu.