Yang'anani wotchi musanakhulupirire mapu a mvula a pa foni

Amene amagwira ntchito ya panja ku Johannesburg, kaya yopaka penti, yothira konkire kapena yosamalira maluwa, amaidziwa mvula ya kumeneko. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi imakonda kubwera masana kapena chakumadzulo, ndi mabingu, mwinanso matalala. Ambiri tsopano amadalira mapu a radar a pa foni. Mapuwa amathandiza, koma salosera bwino chimodzimodzi tsiku lonse.

Yambani ndi kudziwa chimene foni ikuchita. Radar, monga ya South African Weather Service imene ili ku Irene pafupi ndi Pretoria, imaona mvula imene ili kale m'mitambo. Kompyuta imayerekeza zithunzi zotsatizana, n'kuona kumene mvulayo ikulowera ndi liwiro lake, kenako n'kuikankhira kutsogolo pa mapu. Mapu ambiri amangochita zomwezo basi. Mtambo umene sunabadwe mulibemo m'masamu amenewa.

Ndiye mukatsegula foni, onani kaye nthawi. Cha m'ma 11 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana ndi pamene mapu amanamiza anthu kwambiri. Dzuwa latenthetsa nthaka, mpweya wotentha ukukwera, ndipo mtambo ukhoza kukula pomwe mwaimapo. Mapu adzati kuli mbee, inu n'kusakaniza simenti, pasanathe ola kumwamba kwada bii. Pa nthawi imeneyi musadalire zolosera zopitirira theka la ola kapena ola limodzi, poti mtambo umodzi wa mabingu sukhalitsa kuposa pamenepo. Umafa, wina n'kubadwa pambali. Tsegulaninso mapu pakapita mphindi 10 kapena 15, ndipo kwezani maso. Mitambo yoyera ikamatutumuka m'mwamba ngati milu ya thonje, pansi pake pakuda, yambani kufunditsa zipangizo ngakhale foni isananene kanthu. Mukaona timadontho tatsopano tikutumphuka pa mapu apa ndi apo, dziwani kuti tsiku lapsa.

Dzuwa likamalowa zinthu zimatembenuka. Kutentha kumene kumadyetsa mitambo kwachepa, mvula yambiri imayamba kufooka, koma kompyuta imaikankhabe ndi mphamvu yake yakale. Apa bwezerani zithunzi m'mbuyo muone: ngati chigamba chofiira cha mvula yamphamvu chikusanduka chachikasu n'kumachepa, mwina sichifika kwanu. Chikakhala mzere wautali wosaduka, musachiderere, chifukwa mvula yotere imatha kuyenda mpaka usiku.

M'bandakucha kukakhala bata, chenjerani ndi mvula yabodza. Mpweya wozizira ukakhazikika pansi umapinda mafunde a radar, mafundewo n'kumagunda mapiri ndi nyumba. Chigamba chosasuntha, kunja kuli nyenyezi, si mvula ayi. Koma mvumbi waukulu wophimba dera lonse, umenewo mapu amautsata bwino kwa maola angapo, usana kapena usiku.

Chomaliza, malangizowa musawanyamule osasintha kupita nawo kunyanja. Pa Nyanja ya Malawi ndi ya Victoria mitambo imakonda kubadwa usiku ndi m'bandakucha, pamene mphepo yochokera kumtunda imakumana pamwamba pa madzi ofunda, nthawi yomwe asodzi ali pakati pa nyanja ndi nyali zawo. Onaninso ngati mapu anuwo ndi a radar yeniyeni. Madera ambiri a mu Africa alibe radar, ndipo foni imangoonetsa zithunzi za setilaiti kapena zoyerekeza za kompyuta.