Kuiwala-iwala Pambuyo pa Sitroko: Mayeso Naonso Afunika Kuyesedwa

Munthu akadwala sitroko, a pabanja amayang'ana kwambiri mwendo ndi dzanja zimene zalemala. Akayamba kuyenda, onse amati wacira. Koma mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, umaononganso mbali zimene munthu amakumbukira nazo ndi kulinganiza nchito zake. Amai ogulitsa pa msika wa Kabwata amayamba kulakwitsa cenji. Atate amamwa mankhwala a BP kawiri, kapena osamwa n'komwe. Kunyumba ena amati ndi ukalamba, ena amathamangira kwa ng'anga.

Madokotala ali ndi mayeso acidule opezera vutoli. Odziwika kwambiri ndi MoCA, amene Dr Ziad Nasreddine anakonza ku Montreal, m'dziko la Canada, mu 1996. Amatenga mphindi 10 cabe. Wodwala amauzidwa kujambula nkoloko, kuchula maina a mkango, cipembere ndi ngamila zimene zili pa cithunzi, kucotsa 7 pa 100 mobwereza-bwereza, ndi kukumbukira mau asanu. Mamaliki onse ndi 30, ndipo wopeza osakwana 26 amaganiziridwa kuti ali ndi vuto.

Apa ndiye pagona nkhani. Malire a 26 anapezeka poyesa anthu a ku Canada, ambiri a iwo ophunzira. Agogo a ku Chelstone amene analekezera mu Grade 4 ngamila sanaionepo, ndipo pensulo saigwira-gwira. Angalephere mayeso ubongo wao uli bwino-bwino. Pomwe loya wopuma nchito wa ku Kabulonga angapeze 27 nzeru zake zitatsika kale. Okonza MoCA amaonjezera maliki imodzi kwa amene sanapitirire zaka 12 za sukulu, koma maliki imodzi siingatseke mpata waukulu tero.

Kumasulira mafunso m'Cinyanja sikukwanira. Ofufuza amatenga odwala sitroko pamodzi ndi anthu abwino a misinkhu ndi maphunziro ofanana, nawapatsa mayesowo. Kenaka katswiri amene sadziwa mamaliki ao amapima munthu aliyense mofatsa, nafunsanso a pabanja. Poyerekezera zotsatira, amawerenga odwala amene mayeso anawaphonya ndi anthu abwino amene mayeso anawanamizira. Akatero m'pamene amadziwa poika malire. Ku Hai, m'dziko la Tanzania, ofufuza anacita zotere ndi mayeso a IDEA okonzedwera okalamba osaphunzira. M'malo mojambula, munthu amayala timitengo ta macisi potengera citsanzo.

Nchito yotereyi ifuna akatswiri a matenda a ubongo. Cipatala ca UTH cinayamba kuwaphunzitsa mu 2018, ndipo oyamba anatsiriza mu 2020.

Popita ndi wodwala ku cipatala, wacibale amene amakhala naye auze dokotala giredi imene wodwalayo analekezera ndi cinenero cimene amalankhula panyumba. Anyamule magalasi a maso, ndipo anene ngati wodwala samva bwino. Afotokozenso zimene wodwalayo anali kucita yekha asanadwale koma tsopano zimamukanika, monga kuphika nsima, kusunga ndalama za lendi kapena kukwera minibasi kupita m'tauni osasocera. Mamaliki akatsika, dokotala amapima zambiri asananene matenda, pakuti nkhawa, kusagona ndi shuga wokwera zimatsitsanso mamaliki.