MUTU 9: Ndege ikamakokera kumanzere, tikonze pati?

Chiyambi

M'mutu wapitawu tinakambirana za mphamvu zinayi zimene zimagwira ntchito pa ndege: kulemera, kunyamula kwa mapiko, kukoka kwa injini ndi kukaniza kwa mpweya. Tsopano tiona mphamvuzi pa tindege toyendetsa ndi rimoti, tija timagudubuzika ndi kutembenuka m'mwamba pa mipikisano. Mwina mukuti, "Ine mphunzitsi wa ku Sakubva kapena ku Dangamvura, ndege ya rimoti ndiitenga kuti?" Musadandaule, simugula ndege. Chimene tikufuna ndi choti muone mmene munthu amasiyanitsira zinthu ziwiri zobweretsa vuto looneka lofanana. Luso limeneli limawavuta ana ambiri pa sayansi, ndipo mwana amene sanaliphunzire amangosintha zinthu mwachisawawa mpaka kuononga chimene wapanga.

Pomaliza pa mutu uno mudzatha kufotokoza chifukwa chimene ndege ya pulopela imodzi imakokera kumanzere, ndiponso kusankha malo oyenera kukonza.

Gwero la vuto

Mukaima kumbuyo kwa ndege, pulopela ya injini zambiri imazungulira ngati mivi ya wotchi. Malinga ndi lamulo lachitatu la Newton, injini ikamapotokola pulopela kumanja, thupi la ndege limapotokoledwa kumanzere. Si zokhazo. Mphepo yochokera ku pulopela siyenda molunjika, imazungulira thupi la ndege ngati mpesa wokulunga mtengo, n'kukamenya mbali ya kumanzere ya chipsepse cha kumchira. Mchira ukakankhidwira kumanja, mphuno imaloza kumanzere. Zimenezi zimakula injini ikakhala pa moto wambiri koma ndege ikuyenda pang'onopang'ono, monga pamene ikukwera choimirira.

Vutoli ndi lakale. Mu 1903 Wilbur ndi Orville Wright anaika mapulopela awiri ozungulira mosemphana kuti kupotokolako kuthetsane. Ndege yankhondo ya ku Italy yotchedwa Macchi C.202 anachita kuipangira phiko la kumanzere lalitali kuposa linzake. Pa tindege ta mpikisano wa F3A, umene malamulo ake amachokera ku bungwe la FAI ndipo mapiko sapitirira mamita 2, njira zodziwika ndi ziwiri.

Njira ziwiri zosafanana

Njira yoyamba ndi yokhotetsa pang'ono tsigiro, kachitseko ka kumchira kamene kamagwira ntchito ngati tsigiro la ngalawa. Pa rimoti pali kabatani kochitira zimenezi, ndipo nkhani yake ndi ya masekondi ochepa chabe. N'chifukwa chake ongoyamba kumene amathamangira pamenepo. Njira yachiwiri ndi yopendeketsa injini yeniyeniyo kuti iloze kumanja, kawirikawiri ndi madigiri 2 kapena 3.

Apa ndiye pagona nkhani, choncho werengani mofatsa. Mphamvu ya tsigiro imadalira liwiro la mpweya wodutsa pamenepo: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Koma mphamvu ya injini yopendeketsa imadalira moto umene mwaipatsa. Mukachotsa moto, nayo imatha. Tsono popeza vuto lathu limabwera ndi moto wa injini, mankhwala ake ayenera kukhala obwera ndi moto, n'kuchokanso ndi moto.

Taganizani munthu amene wakonza kukokera kumanzereku ndi tsigiro lokha. Pokwera, ndege iwongoka ndithu, iye n'kusangalala. Ikafika pamwamba achotsa moto, ndege iyamba kutsika mwaliwiro. Chija chimaikokera kumanzere chapita, koma tsigiro likadali lokhota, ndipo tsopano lili ndi mphamvu kuposa kale. Ndege ija ikhotera kumanja. Vuto silinathe, langosamukira pena.

Odziwa amayamba ndi kuyesa kopanda moto. Amakweza ndege patali, kuchotsa moto, n'kuitsitsa cholunjika pansi osakhudza chowongolera. Ikapatuka pamenepo, mlandu si wa injini ayi. Ndi tsigiro, chipsepse chokhota, kapena phiko lina lolemera kuposa linzake. Akakonza zimenezo, m'pamene amaikweza choimirira pa moto wonse. Ikakokerabe kumanzere, amatera n'kupendeketsa injini pang'ono, kenako kuyesanso. Chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, basi.

Masamu ake

Injini imamangidwa ndi mabawuti ku thabwa la kutsogolo. Kuti iloze kumanja, amaika mawashala, tizitsulo tija toboola pakati, pansi pa mabawuti a kumanzere. Ngati mabawuti a kumanzere ndi a kumanja atalikirana mamilimita 40, washala wa milimita 1 amapendeketsa injini ndi madigiri pafupifupi 1.4. Awiri apereka pafupifupi 2.9. Inu ophunzitsa masamu ku sekondale, nachi chitsanzo chabwino cha tanjenti, chosiyana ndi chija cha mthunzi wa mtengo chimene ana atopa nacho.

Ntchito 1

Werengerani kupendekeka kwa injini ngati mabawuti atalikirana mamilimita 30 ndipo washala ndi wa milimita 1. Kodi n'chifukwa chiyani yankho lakula?

Za kuno ku Mutare

Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero mpweya wake ndi wopepuka kuposa wa ku Beira ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Ndege imafunika liwiro lochulukirapo kuti iuluke. Koma chovuta kwambiri ndi mphepo. Mutare wazunguliridwa ndi mapiri, kuyambira ku Christmas Pass mpaka ku Vumba, ndipo mphepo yodutsa m'mapiri imabwera mozungulirazungulira. Mphepo yowomba cham'mbali imanamiza: ndege imaoneka ngati ikukokera mbali pamene ilibe vuto lililonse. Yesani m'mamawa kukadali bata, ndipo muziponya molunjika kumene mphepo ikuchokera. Amene angakhale ndi ndege ya rimoti yeniyeni ayambe wafunsa malamulo ku Civil Aviation Authority of Zimbabwe asanaiulutse.

Ntchito 2

Ana amene amapanga magalimoto a mawaya sangalephere izi. Agaweni m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lipange kandege ka bango kapena phesi louma, mapiko a katoni yopyapyala, pulopela yodula ku botolo la pulasitiki, ndi kalamba ka mphira kopota m'malo mwa injini. Onetsetsani kuti pulopela izizungulira ngati mivi ya wotchi mukaiona chakumbuyo.

Poyamba akaponye osapota mphira, kasanu, ndipo alembe mbali imene kalowera. Akonze tsigiro mpaka kaziyenda mowongoka. Akatero, tsigirolo lisakhudzidwenso. Muzungulire m'magulu chifukwa manja a ana amayabwa. Kenako apote mphira maulendo ofanana nthawi iliyonse, aponyenso kasanu. Kakakhotera kumanzere, alowetse kachidutswa ka katoni kumanzere kwa chogwirizira pulopela, ayesenso.

Lembani tsamba limodzi lofotokoza zimene gulu lililonse linapeza, makamaka gulu limene zotsatira zake zinasiyana ndi za anzawo, ndi mafunso amene munawafunsa kuti apeze okha chifukwa chake. Tumizani tsambali kwa mlangizi wanu pamodzi ndi yankho la Ntchito 1.