Zitini Zinayi za Tiyi

Pa tauni ina m'boma la Thyolo panali agogo ena amene ankagulitsa masamba a tiyi. Tiyi wao sanali wa m'mapaketi ayi. Ankamusunga m'zitini zinayi zovundikira bwino, ndipo pa chitini chilichonse analembapo mwezi umene masambawo anathyoledwa. Pa unyamata wao agogowa ankagwira ntchito yolawa tiyi ku fakitale, choncho lilime lao linali losanamizika.

Tsiku lina ana a Sitandade 5 anapita ndi aphunzitsi ao kukacheza kwa agogowo. Atalonjerana, mtsikana wina anafunsa nati, "Agogo, kodi tiyi si mmodzi yemweyo? Nanga zitini zinayi n'zachiyani?"

"Mdzukulu wanga," anayankha agogo, "mtengo ndi umodzi, koma nyengo n'zosiyana. Tasenderani kuno nonse, mununkhize."

Anavundukula chitini choyamba. "Uyu ndi tiyi wa m'dzinja. Mvula ikagwa mu Novembala kapena mu Disembala, mitengo imaphukira mothamanga, kotero kuti othyola amabwerera pa mtengo womwewo pakangopita sabata kapena masiku 10. Amalawirira mmamawa dengu lili kumsana, nathyola masamba awiri anthete pamodzi ndi kansonga kake. Tsamba lokhwima salifuna. Tiyi wochuluka wa dziko lathu amathyoledwa kuyambira Disembala mpaka Meyi."

Agogo anafotokozanso kuti masambawo ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, pakuti akaunjikana nthawi yaitali amatentha naonongeka, ndipo mlimi amataya thukuta lake pachabe. Ku fakitaleko amayamba awafotetsa. Kenaka makina amawaduladula, ndipo amawasiya kanthawi kuti asanduke ofiirira, asanawaumitse ndi mpweya wotentha. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi. Anawo atamva zimenezi anangoti kukamwa yasa!

Chitini chachiwiri chinali cha mwezi wa Julayi. Fungo lake linali lamphamvu kuposa la choyamba chija. "M'chisanu mtengo umakula pang'onopang'ono," anatero agogo. "Masamba amachepa, koma ochepawo amakoma. Chimene chimatithandiza miyezi imeneyi ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu. Dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Iyi ndiyonso nyengo yodulira. Mtengo wa tiyi ukaulekerera umatalika kupitirira denga la nyumba, n'chifukwa chake amaudulira kuti uzilekeza m'chiuno, pamwamba pake pali see ngati tebulo."

Mnyamata wina wachidwi anasuzumira m'chitini chachitatu nafuula, "Agogo, umu mulibe kanthu!"

Agogo sanaseke. "Chimenecho n'cha Okutobala," anatero motsitsa mau. "M'chilimwe dzuwa likaswa mtengo, tiyi amangokhala osaphukira, kupatula m'minda imene amathirira. Aganyu ambiri amabwerera kwao. Mlimi wa munda waung'ono amakhala miyezi alibe chogulitsa, ndipo ngati sanasungeko ndalama za m'dzinja, ana ake amasowa sopo ndi makope. Mvula ikachedwa, mitengo yaing'ono imauma. Anthu ena amandiuza kuti ndingothiramo tiyi wa Janyuwale, palibe angadziwe. Koma ine ndingadziwe."

Chitini chotsiriza chinali chaching'ono. Masamba ake anali aatali, opotana, obiriwira pang'ono. Tiyi ameneyu anachokera ku Darjeeling, dera lamapiri la m'dziko la India. Kumeneko chisanu chimagwa pamene kuno kuli dzinja. Mitengo imagona kuyambira Disembala, nidzuka mu Malichi, ndipo masamba oyamba kuphuka amagulidwa pa mtengo wokwera kwambiri. Agogo anafulula pang'ono kuti aliyense alawe. Ambiri anakwinya nkhope, poti munalibe shuga kapena mkaka.

Pamenepo aphunzitsi anakumbutsa anawo kuti tiyi si mbewu yamakolo athu. Mitengo yoyamba inabzalidwa pa mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1891 Mzungu wina dzina lake Henry Brown anatenga mbewu nakabzala ku Mulanje. Kuchokera kumeneko ulimiwu unafalikira ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay, madera amene amalandira mvula yambiri. Tiyi wathu wochuluka amatumizidwa kunja, ndipo wina amagulitsidwa pa msika wa okushoni ku Limbe.

Potsazikana, agogo anapatsa mwana aliyense kadzanja ka tiyi wa Julayi. "Mukawauze amayi anu asunge m'chitini chouma, chotseka bwino," anatero. "Asaike pafupi ndi sopo, usipa kapena palafini, chifukwa tiyi amakoka fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho."

Mafunso

1. Kodi agogo ankalemba chiyani pa zitini zao?
2. Ndi masamba otani amene othyola tiyi amasankha?
3. Fotokozani zimene zimachitika masamba akafika ku fakitale.
4. N'chifukwa chiyani chitini cha Okutobala chinali chopanda kanthu?
5. Kodi agogo anatanthauzanji ponena kuti, "Koma ine ndingadziwe"?

Ntchito

(a) Perekani matanthauzo a mau awa: anthete, kudulira, kufotetsa, kufulula, chiperoni.
(b) Pezani mivekero iwiri m'nkhaniyi ndipo mupange nayo ziganizo zanu.
(c) Sankhani mbewu imodzi ya kwanu. Lembani ndime imodzi yofotokoza ntchito zimene alimi amagwira pa mbewuyo m'dzinja, m'chisanu ndi m'chilimwe.