Mafuta Akuda a Pachiwaya

Tikafika pa Nsipe, m'mbali mwa msewu wa M1, timapeza anyamata akukazinga tchipisi pachiwaya. Mafuta aja akawakazingira masiku angapo amada bii, ndipo amanunkha chopserera. Kodi mafuta otere tizitani nawo?

Ena amawagula motchipa n'kukathira m'ndiwo. Iyayi anzanga, tisatero. Mafuta opserera amawononga thupi pang'onopang'ono. Ena amawataya m'ngalande, ndipo amakaipitsa madzi.

Komatu mafutawa angathe kusanduka dizilo woyendetsa injini, monga ya chigayo. Kuyendetsa injini ndi mafuta a mbewu si nkhani yatsopano. M'chaka cha 1900, mumzinda wa Paris ku France, anthu anaona injini ya dizilo ikuyenda ndi mafuta a mtedza. Kuno kwathu, m'chaka cha 1982, fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga mafuta osakaniza ndi petulo kuchokera ku zotsalira za nzimbe.

Vuto ndi lakuti mafuta ophikira ndi onata, sayenda bwino m'injini. Choncho akatswiri amayamba awasintha motere:

1. Amawasefa, kenaka amawatenthetsa kuti madzi achoke.
2. Pa malita 5 a mafuta amathira lita imodzi ya mankhwala otchedwa methanol. M'mankhwalamo amakhala atasungunulamo kositiki soda pang'ono, yemwe uja timapangira sopo.
3. Amatakasa kwa ola limodzi, mafuta ali otentha madigiri 55.
4. Amasiya usiku wonse. M'mawa amapeza gilisalini wakuda atadikha pansi, dizilo ali pamwamba. Dizilo uja amamutsuka ndi madzi kuti soda achoke.

Nanga soda uja ntchito yake n'chiyani? Amayi, mukudziwa chidulo. Mukathira pang'ono m'thelele, ndiwo zimafewa msanga. Soda nayenso amafulumizitsa ntchito. Popanda iye, mafuta ndi methanol zimangokhala osasintha. Chinthu chotere timachitcha chofulumizitsa. Akatswiri ena ayesapo phulusa ndi makoko a mazira owotcha kwambiri, ndipo apeza kuti nazonso zimafulumizitsa.

Chenjezo: tisayese zimenezi kunyumba. Methanol ndi poizoni. Munthu akamwa amachita khungu, mwina kufa kumene. Amayakanso msanga akayandikira moto. Soda nayenso amawotcha manja ndi maso. Ntchitoyi ndi ya anthu ophunzira, okhala ndi zipangizo.

Mbali yathu ndi iyi. Mafuta akada, tiwasefere m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi ana. Popeza tsopano tikudziwa kulemba, tilembepo ndi zilembo zazikulu kuti OSADYA. Kenaka tifunse alangizi ngati gulu lathu lingapangire sopo wochapira.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani sitiyenera kuthira mafuta akuda m'ndiwo?
2. Chofulumizitsa chimagwira ntchito yanji?
3. Lembani mawu awa m'kope mwanu: mafuta, dizilo, poizoni, osadya.
4. Kambiranani: ochita malonda a tchipisi kwanuko amatani nawo mafuta akada?